Maganyu a cholembera kwa Kadewere

Uthenga wa maliro unandipeza ku Limbe dzuwa litapendeka, ndipo pomwe ndinkatsika kabaza kwa Kadewere n'kuti amayi atayamba kale nyimbo m'nyumba ya siwa, abambo atazungulira moto panja. Ndisanamalize n'komwe kupepesa, amalume anandikodola. M'manja anali ndi kope la mwana wasukulu lothothoka chikuto, ndi cholembera chotafunidwa kumutu.

"Mphwanga, zolembalembazi mwini wake ndiwe. Mbiri ya malemu ikufunika mawa mwambo usanayambe. Tiye kuseri kuno."

Tinakhala kuseri kwa khitchini anthu anayi, tochi ya foni itatsamira pamtondo. Funso loyamba lomwelo linatidyera theka la ola: malemuwa anabadwa liti? Chiphaso cha unzika chinkanena chaka china, khadi la kutchalitchi chaka chinanso, pomwe agogo aakazi ankaumirira kuti pa njala ya 1949 malemuwa n'kuti akutha kale kupirikitsa mbuzi m'munda. Tinatsata agogo. Chaka cha pachiphaso anachitchula ndi malemu okha pa kalembera wa mu 2017, mongoponya, pomwe agogowo njalayo anaiona ndi maso awo.

Zaka za ku Wenela sizinavute, za udikoni kutchalitchi sizinavutenso. Panavuta pa mkazi woyamba, wa kutsidya la mtsinje, amene malemu anabereka naye ana awiri asanakalowe chikamwini kwina. Ana a kubanja lachiwiri sankafuna kuti nkhaniyo imveke pagulu. Amalume ankati mwana ndi mwana, ndipo awiriwo asonkha nawo ya bokosi. Mawu anayamba kukwera, mpaka wina wa kumoto anasuzumira. Ine ndinalemba kuti malemu asiya ana asanu ndi awiri, n'kuwandandalika mayina motsata kubadwa, osatchula amayi a aliyense. Nditawerenga mokweza panali zii. Kenako amalume anatsokomola.

"Basi. Isiye choncho."

Malipiro anga anali kapu ya tiyi wopanda mkaka ndi mawu oti Mulungu akudalitse. Sindikudandaula, pamaliro salipiritsa. Koma ntchito imene ndinagwira usiku umenewo ndi yomweyo imene ndimadyera m'tauni. Kumeneko ili ndi dzina lake lachingerezi lonyaditsa; ine ndimangoti maganyu a cholembera. Bwana mmodzi ulibe, malipiro a pamwezi ulibe, penshoni ndiye usalote. Lero ukulembera nyuzipepala, mawa ukukonza lipoti la bungwe, mkuja ukumasulira kabuku ka ulimi wa nandolo. Ambiri amayesa kuti timagulitsa Chingerezi, ena amayesa kuti timagulitsa kompyuta. Ine pa zaka zimene ndakhala pa ntchitoyi ndaona kuti anthu amadzagula khutu. Amafuna munthu woti amve zimene zili kukhosi kwawo, aziyale mwanjira yoti wolandira asaziponye m'bini, koma mwini wake akamva zikuwerengedwa azindikirebe kuti mawuwo ndi ake.

Boma lathu la Chiradzulu kulembera ena silinayambe dzulo. Ku Mbombwe, komwe John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900 atabwerako kusukulu ku Lynchburg m'dziko la America, kunachokera kalata imene mwina ndi yotchuka kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino. Mu Novembala 1914, nkhondo ya ku Karonga itangodya anthu, Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu imene sakuidziwa mutu wake, n'kumasiya akazi ndi ana pa umphawi. Sankadzilembera yekha. Ankalankhulira anthu miyandamiyanda amene sakanatha kugwira cholembera, m'chilankhulo chimene bwanamkubwa ku Zomba akanamva. Boma la atsamunda linatsekereza kalatayo. Patangopita miyezi iwiri, pa 23 Januwale 1915, kuukira kunayamba, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anaphedwa. Mawu a kalatayo anapulumuka, ndipo George Shepperson ndi Thomas Price anawaika m'buku lawo la Independent African mu 1958. Ndikagwira K2,000, pomwe pali nkhope yake, ndimakumbuka kuti zinthu zisanafike pa mikondo ndi mfuti munthuyu anayamba walemba kaye, kungoti mkonzi amene anakumana naye anali wa sizasi.

Olembera anzawo ambiri mayina awo sanalowe m'buku lililonse. M'zaka zimene amuna a kuno ankakhamukira ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Rhodesia, mlembi wa m'mudzi anali mwana aliyense amene wafika Sitandade 4. Amayi ankamuitanira kuseri kwa nkhokwe, n'kumuuza zolemba: denga likudontha, mbuzi yabereka, msonkho wafika, mwana wayamba kuyenda. Mwanayo ankadziwa zinsinsi za mabanja theka la mudzi, ndipo ena ochenjera ankawonjezera mzere wawo kumapeto, wopempha nsapato. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Njirayo inadzatsegukanso pambuyo pake m'dzina la TEBA, n'kudzatsekekanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Makalata a ku migodi sanathe nayo. Mpaka pano pali madala, ndi amayi amasiye, amene amafuna wowalembera pofuna kulondola ndalama zimene zinatsala kumeneko, atanyamula timapepala tachikasu tokutidwa m'pulasitiki ya shuga.

Makalata achikondi ndi a moni foni inalanda. Amene sadziwa kulemba masiku ano amangodina batani pa WhatsApp n'kulankhula, mwana ali ku Cape Town n'kumva mawu enieni a mayi ake. Koma ofesi silandira mawu a pafoni. Kwa DC amafuna kalata, kubanki amafuna kalata, kukhoti, kusukulu, kwa Gogo Chalo, konse amafuna pepala. Gulu la banki mkhonde likafuna kukula limafunika malamulo olembedwa; alimi a ng'ombe za mkaka akafuna thandizo la thanki yoziziritsira amauzidwa kuti abweretse pulopozo. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ndi kukokolola minda m'boma lino mu Malichi 2023, anthu ambiri anaphunzira kuti dzina likalembedwa pa mndandanda mosiyana ndi la pachiphaso, ngakhale ndi chilembo chimodzi, thumba la ufa likhoza kukudutsa ukuliona.

N'chifukwa chake pafupifupi pa msika uliwonse, kaya ndi ku Namitambo, ku Mbulumbuzi kapena pa Boma, simulephera kupeza kachipinda kolembedwa pakhomo kuti timatayipa, timapulinta, fotokope ilipo. M'katimo muli kompyuta yakale, pulinta yolira ngati chigayo, ndi mtsikana kapena mnyamata wa MSCE amene ntchito inamusowa. Mtengo wake amawerengera pa tsamba. Apa ndiye pagona vuto loyamba la ntchito yathu: wotayipa ndi wolemba amakhala pampando umodzi, kasitomala n'kumalipira zala zokha. Kuganiza kuti kalata iyambe bwanji, chiti chinenedwe, chiti chisiyidwe, zonsezo amaziyesa basera.

Ndipo kunena zoona, nthawi zambiri kuganizako kulibe. M'kompyutamo muli kalata imodzi yofunsira ntchito imene inalembedwa kalekale, amangosintha dzina ndi tsiku. Ndinaonapo makalata asanu a anthu osiyana ofunsira ulonda pa sukulu imodzi, onse akudzitama ndi mawu ofanana, onse olakwika pamalo amodzi. Mphunzitsi wamkulu analemba ntchito munthu wachisanu ndi chimodzi, amene analemba pamanja m'Chichewa kuti amakhala pafupi ndi sukuluyo, ali ndi agalu awiri, ndipo mowa anasiya.

Phunziro lalikulu pa ntchitoyi anandipatsa ndi mayi wina wachikulire amene anabwera ndi nkhani ya munda. Kuno malo ndi ochepa, anthu ndi ambiri, ndipo munda umayenda kuchikazi, choncho milandu ya malire siitha. Mayiyu ankafuna kalata yopita kwa a gulupu. Anayambira pa agogo a agogo ake, mmene anafikira kuchokera ku Mozambique, mtengo wa mango umene anabzala pamalire, ukwati wa mng'ono wake, mbuzi imene inadya chinangwa. Ola lathunthu. Ine ndinasefa zonsezo n'kutsala ndi tsamba limodzi laudongo: munda uli pakuti, malire ndi akuti, mboni ndi akutiakuti, pempho langa ndi ili. Ndinawawerengera monyadira.

Anapukusa mutu. "Mwananga, mwalemba bwino, koma kalatayi si yanga. Mwasiya zoti ananditchula mfiti pamaso pa anthu."

"Amayi, zimenezo n'zapambali. Nkhani apa ndi munda."

"Munda ndilima chaka chino, ndikafa alima ena. Koma dzina limeneli adzukulu anga alisenza mpaka liti?"

Ndinabwezeramo chiganizo chimodzi, monyinyirika. Pambuyo pake ndi pomwe ndinazindikira kuti chimene ndinachiyesa chapambalicho chinali cholemera kuposa zonse, pakuti lamulo la za ufiti la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mayiyu lamulolo sankalidziwa, koma ankadziwa pomwe pakumupweteka. Chiyambire tsiku limenelo sindipereka kalata kwa mwini wake ndisanamuwerengere mokweza, ndipo ikakhala ya Chingerezi ndimaibwezera m'Chichewa mzere ndi mzere, ndikuyang'ana nkhope yake.

Kukonza zolemba za ena ndi ntchito inanso, ndipo m'Chichewa ndi yosayamikika kwambiri, chifukwa aliyense amadziyesa katswiri wa chilankhulo chimene anayamwira. Munthu amene sangalole lipoti lake la Chingerezi kutuluka lisanaonedwe ndi anthu atatu, la Chichewa amangopatsa dalaivala wa pa ofesi kuti alimasulire podikira bwana. Chonsecho Chichewa chili ndi malamulo ake a kalembedwe. Chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, boma linakhazikitsa Chichewa Board mu 1972, ndipo bungwelo linatulutsa malamulo mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Litathetsedwa pakati pa zaka za m'ma 1990, ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Lamulo limodzi losavuta kukumbuka lili m'dzina la boma lathu lomweli: r amabwera pambuyo pa i kapena e, pomwe l amabwera pambuyo pa a, o ndi u. Onani Chiradzulu, muli zonse ziwiri. Onaninso Kadewere.

Wina anganene kuti l ndi r sanaphepo munthu, ndipo n'zoona. Koma pali zilembo zina zoluma. Kuno kummwera timakonda kumeza t ndi d polankhula, timati siku, zina, mazi, ndipo palibe amene amasokera. Papepala ndi nkhani ina. Ana otsala ndi ana osala si amodzi. Oyambawo ndi amene ali moyo, enawo ndi amene akupewa chakudya kapena kunyansidwa ndi anzawo. Kuponya voti ndi kuphonya voti zasiyana ndi h mmodzi yekha, koma wina wasankha mtsogoleri, wina wagona kunyumba. Mkonzi wabwino amasaka tinthu totere, ndipo akagwira bwino ntchito yake palibe amene amadziwa kuti anadutsapo. Mphini yobwereza ndiyo imawala, koma woyamikiridwa amakhala mwini nkhope.

Choopsa kuposa zilembo ndi Chichewa chovala jekete la Chingerezi. Mwaonapo zikwangwani za mabungwe zimene mawu ake onse ndi Achichewa koma ukawerenga kawiri sukumva chimene akufuna kuti uchite. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo kuchokera pomwe ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022 makina olemba achuluka. Sindidana nawo, inenso ndimawagwiritsa ntchito pofuna kuthamanga. Koma ntchito zambiri zimene zimandipeza masiku ano ndi zochapa zimene makina achita: bungwe lamasulira lokha kabuku, lakayesa kumudzi, amayi aseka, ndiye likufuna munthu woti akonze mwamsangamsanga, pa mtengo wochepa poti akuti ntchito yaikulu yachitika kale. Kawirikawiri kukonza zotere kumatenga nthawi kuposa kuyamba pa tsamba loyera.

Tsono tikambe za ndalama, poti ndi pomwe ambiri amagwera. Bungwe lina, dzina ndisunge, linandipatsa kabuku koti ndimasulire ndi kukonza m'masabata awiri, ati n'zachangu. Ndinagona mochedwa, magetsi akazima ndinkakatchajitsa laputopu kwa wometa tsitsi wa sola, ndipo ndinapereka ntchito tsiku lake. Kenako kunayamba kuyenda. Invoisi yasowa, tumizaninso. Wosayina cheke ali kumudzi ku ntchito za bungwe. Wabwera, koma mnzake wosayina naye ali ku maliro. Ndili m'kati modikira, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalamayo itafika, atadulapo kale msonkho, inagula pafupifupi theka la zimene ikanagula tsiku lomwe ndinamaliza ntchito. Palibe amene anaba, palibe amene anakana kulipira. Kungoti wamaganyu ndi amene amakhala kumapeto kwa mzere.

Kuyambira pamenepo ndili ndi timalamulo tanga, tophunzira ndi misozi. Theka la ndalama lilowe pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndisanatsegule fayilo, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pangano lilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwepo: masamba angati, lifike liti, ndibwereza kukonza kangati popanda kuwonjezera mtengo. Chomalizachi n'chofunika kwambiri, chifukwa pali makasitomala amene amasintha maganizo nthawi iliyonse akakumana ndi mlamu wawo wophunzira. Amene akufuna ntchito za mabungwe ndi makampani akatenge TPIN ku MRA, chifukwa popanda nambala imeneyo ambiri sakulemba m'mabuku awo. Ndipo achibale auzidwe poyera kuti za maliro ndi zaulere, koma pulopozo ya bizinesi ya nkhuku ayi.

Kulembera nyuzipepala kumapatsa dzina kusiyana ndi ndalama. Malo a Chichewa alipo: Tamvani mu Weekend Nation, Tikambe mu Malawi News, Fuko, Boma Lathu, ndi magazini ya Moni imene a Montfort anayambitsa m'zaka za m'ma 1960. Koma masamba ndi ochepa, olemba ndi ambiri, ndipo mtolankhani woyima payekha amadzilipirira yekha thiransipoti ndi mayunitsi nkhani isanatuluke, osadziwanso ngati ituluke. Amene amalemba mabuku m'dzina lawo ali ndi pothawira, pakuti bungwe la COSOMA, limene linayamba mu 1992, limateteza umwini wa zolemba, ndipo lamulo lake linakonzedwanso mu 2016. Koma wolembera ena dzina lake silioneka paliponse. Zolankhula za bwana pa msonkhano, mbiri ya moyo wa m'busa wopuma, lipoti la pachaka, zonse zimatuluka m'dzina la wina, ndipo n'zimene munagwirizana.

Achinyamata ena amva za Upwork ndi Fiverr, komwe munthu amalembera kasitomala wa ku London ali pakhonde kwawo n'kulandira madola. Zimatheka, koma pamafunika magetsi osazimazima, intaneti yosadukaduka, ndi njira yodalirika yolandirira ndalama zakunja, komanso ukupikisana ndi anthu a ku Kenya ndi ku Philippines amene anayamba kale. Chimene mwana wa kwa Kadewere ali nacho, chomwe anzakewo alibe, ndi chimene iye amachinyoza: Chichewa, Chiyao cha kumsika, ndi Chilomwe cha agogo ake ngati anachitolako. Ofufuza amene amajambula mawu a anthu m'midzi amafuna wowalembera mawuwo ndi kuwamasulira, ndipo ntchito imeneyo singagwiridwe ku Manila.

Pali ganyu mmodzi amene ndimakana, ngakhale ndi amene amalipira msanga. Ku Nguludi, m'boma lomwelino, kuli Catholic University of Malawi imene inatsegulidwa mu 2006, ndipo Blantyre ndi Zomba, komwe kuli masukulu ena aukachenjede, sizili kutali. Ophunzira a m'masukulu onsewa amalemba kafukufuku asanamalize, ndipo ambiri amafuna wowakonzera. Kuwongola chiganizo chopindika, kuonetsa pomwe mfundo yadumpha, kufunsa kuti apa mukutanthauza chiyani, zimenezo ndimachita ndi mtima wonse. Koma ena amabwera ndi mutu wokha ndi envulopu. Mmodzi, bambo wa ntchito yake yabwino amene ankaphunzira kumapeto kwa sabata pa sukulu ina m'tauni, anandiuza mosabisa.

"Achimwene, ine nthawi ndilibe. Inu lembani zonse, ine ndidzangowerenga usiku woti mawa ndikukaonekera."

Ndinamuuza kuti mbiri ya malemu ndimalembera anthu chifukwa mwini wake sangathenso kudzilembera. Anaseka, n'kupita kwa wina. Sindikayika kuti anamupeza tsiku lomwelo.

Chaka chitatha, nthawi yomanga chiliza itakwana, amalume anandiyimbira foni kuti ndipite. Ndinawapeza pakhonde ndi kope lomwe lija, masamba awiri a mbiri aja atayamba kufiira.

"Mphwanga, wozokota pamwala uja akuti amawerengera pa chilembo. Chilembo chilichonse ndi ndalama. Ndiye udule izi zikwane pa ndalama tasonkhayi."

Ndinaseka ndekha. Pa anthu onse amene anagwira mawu a malemuwa, woyamba kulipidwa pa chilembo anali wa tchizulo ndi hamala. Tinakhala pansi n'kuyamba kudula. Wenela inachoka, udikoni unachoka, ana asanu ndi awiri aja, amene tinatsala pang'ono kumenyanirana, anachoka onse. Panatsala dzina, zaka ziwiri, ndi mawu atatu owafunira mpumulo. Pa dzinapo tinakanganapo pang'ono, poti pachiphaso pali l pomwe malemu ankasayina ndi r. Tinatsata dzanja la mwini wake. Chaka chobadwa agogo aakazi anachitsimikizanso ali m'khitchini, osafunsidwa.

Amalume anawerenga zilembozo ndi chala, kawiri, akunong'ona. Kenako anang'amba tsambalo bwinobwino, n'kulipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya pamodzi ndi ndalama za wozokota. Anatulutsa njinga, n'kundiuza kuti ndisachoke ndisanadye, mbatata zili pamoto.